Mafayilo obisika a ma Scout a ku America ndi funso la kuteteza ana m'magulu a achinyamata

Mu Okutobala 2012, potsatira chigamulo cha khoti lalikulu la m'dera la Oregon ku America, anthu anaona kwa nthawi yoyamba masamba pafupifupi 14,500 a zikalata zimene bungwe la Boy Scouts of America linakhala likusunga mwachinsinsi ku likulu lake. M'zikalatazo munali mayina a amuna opitirira 1,200 amene pakati pa 1965 ndi 1985 anaganiziridwa kapena kupezeka kuti ankachitira nkhanza zogonana anyamata omwe makolo anawasiya m'manja mwawo. Munali makalata a makolo odandaula, nkhani zodulidwa m'nyuzipepala, zolemba za apolisi ndi makalata amene akuluakulu a bungwelo ankalemberana pofunsana chochita. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1910, ndipo linayamba kusunga mndandanda woterewu patangopita zaka zochepa chiyambireni, pofuna kuti munthu wochotsedwa m'gulu lina asakalowe m'gulu lina. Cholingacho sichinali choipa. Komabe mndandandawo unakhala umboni wakuti bungwelo linkadziwa za vutoli kwa zaka zambirimbiri, pomwe makolo otumiza ana awo ku misasa ya kutchire sankadziwa kanthu.

Nkhani imeneyi ndi yofunika kuimvetsa bwino chifukwa ikusonyeza chinthu chimene magulu ambiri a ana safuna kuchimva, chakuti mbiri yabwino ya gulu komanso khalidwe looneka labwino la atsogoleri ake sizikwanira kuteteza mwana. Chimene chimamuteteza ndi dongosolo limene silipatsa munthu wamkulu aliyense mpata wokhala yekha ndi mwana kumalo kobisika, ndiponso limene limatulutsa dandaulo kunja kwa gulu n'kulipereka kwa apolisi, osalitsekera m'kabati.

Zikalatazo zinatuluka chifukwa cha mlandu umene unazengedwa mumzinda wa Portland mu 2010. Wodandaula anali bambo amene ali mwana, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, anachitiridwa nkhanza ndi Timur Dykes, wothandizira mtsogoleri wa gulu lake la ma Scout. Khoti linamva kuti mu 1983 Dykes anavomera yekha kwa mkulu wa mpingo umene unkayang'anira gululo kuti anachitira zachipongwe anyamata 17. Ngakhale anavomera chotero, iye anapitiriza kupezeka pakati pa anyamatawo ndi kuwaitanira kunyumba kwake. Nzika zimene zinaweruza mlanduwo zitaona mafayilo aja zinalamula kuti bungwelo lilipire madola 18.5 miliyoni ngati chilango, kuwonjezera pa chipepeso cha wodandaulayo. Chaka cha 2012 chomwecho, atolankhani a nyuzipepala ya Los Angeles Times anasanthula mafayilo pafupifupi 1,600 a pakati pa 1970 ndi 1991. Iwo anapeza kuti pa nkhani zopitirira 500 zimene bungwelo linazimva boma lisanazimve, pafupifupi 400 zinalibe umboni uliwonse wakuti apolisi anauzidwa, ndipo pa nkhani zopitirira 100 akuluakulu anachita kuyesetsa kuti zisadziwike. Amuna ena ankaloledwa kutula pansi udindo mwakachetechete, ponena kuti atanganidwa ndi ntchito kapena akudwala, ndipo ena ankabwereranso m'magulu ena atasintha pang'ono dzina kapena atasamukira kutali.

Kuti timvetse chifukwa chake mndandanda wa mayina unalephera, tiyenera kumvetsa momwe nkhanza zoterezi zimachitikira. Katswiri wina wa ku America wofufuza za nkhanza kwa ana, David Finkelhor, anafotokoza mu 1984 kuti munthu asanachitire mwana nkhanza zogonana pamafunika kuti zinthu zinayi zichitike. Munthuyo amayamba wakhala ndi chilakolako chochita zimenezo, kenako amagonjetsa chikumbumtima chake podzinamiza kuti palibe choipa kapena kuti mwanayo akufuna, kenako amachotsa zotchinga za kunja monga maso a makolo ndi a akulu ena, ndipo pomaliza amagonjetsa kukana kwa mwanayo. Mtsogoleri wa gulu la achinyamata sangaone mumtima mwa munthu wodzipereka kudzathandiza, choncho pa zinthu ziwiri zoyambazo mphamvu zake n'zochepa. Mphamvu zake zili pa ziwiri zomalizazo, makamaka pa chachitatu, chifukwa gulu ndi lomwe limasankha kuti ndani apite ndi ana ku ulendo, ndani agone pati, chitseko chitsekedwe kapena chikhale chotsegula, ndiponso ndani ali ndi nambala ya foni ya mwana.

Anthu ambiri akamva za munthu wogwirira ana amaganiza za mlendo wobisala m'tchire. M'magulu a achinyamata zinthu sizikhala choncho kawirikawiri. Wochita nkhanza amakhala munthu wodziwika, ndipo nthawi zambiri amakhala uja amene aliyense amamuyamikira kuti amakonda ana, safuna malipiro, amafika msanga ndi kuchoka mochedwa. Iye amaweta mwana pang'onopang'ono, monga momwe munthu amazoloweretsera nkhuku kudya m'manja asanaigwire. Taganizirani mphunzitsi wa timu ya mpira ya anyamata a zaka 12. Pa anyamata onse amasankha mmodzi, kawirikawiri uja amene bambo ake kulibe, kapena amene kwawo n'kosowa, kapena amene anzake amamusala. Amamugulira nsapato zosewerera mpira, amamuika kukhala kaputeni, ndipo masewero akatha amamuuza kuti atsale athandize kutolera mipira. Tsiku lina amamunyamula pa njinga yamoto n'kukamutula pakhomo, nacheza ndi mayi ake mwaulemu, mpaka mayiwo amathokoza Mulungu kuti mwana wawo wapeza womutsogolera. Kenako pamabwera kachinsinsi kakang'ono, mwina ndalama imene mwanayo akuuzidwa kuti asanene kunyumba, kapena kanema wolaula pa foni, kapena kulawa mowa. Kachinsinsi kameneka ndi mayeso, chifukwa munthuyo akufuna kuona ngati mwanayo amaulula. Kugwirana kumayamba ngati masewera, kapena ngati kusisita mwendo wopweteka, ndipo malire amasunthidwa pang'ono tsiku lililonse, moti pofika pa nkhanza yeniyeni mwanayo amakhala atamangidwa kale ndi mphatso, zinsinsi ndi manyazi, ndipo amaona ngati nayenso ndi wolakwa.

Chofunika kuchiona apa n'chakuti munthu wotereyu saweta mwana yekha. Amawetanso makolo, komiti ndi mpingo wonse. Amagwira ntchito zimene ena amazizemba, amathandiza pa maliro, amapereka galimoto yake pa ulendo, ndipo pofika nthawi imene wina wayamba kukayika, onse amakhala kuti ali naye ngongole ya chiyamiko. Munthu amene wanena kuti sakukondwa ndi momwe mphunzitsi uja amakhalira ndi mwana wakutiwakuti amaoneka ngati wansanje kapena wamiseche. Umu ndi momwe zinakhalira ku England ndi Barry Bennell, mphunzitsi wa mpira wa ana amene anagwirapo ntchito ndi matimu a Crewe Alexandra ndi Manchester City, yemwe ankadziwika kuti amatulukira ana aluso ndipo anyamata ankagona kunyumba kwake. Nkhani yake inaphulika kwambiri mu Novembala 2016 pamene Andy Woodward, amene kale anali wosewera mpira, anaulula poyera zimene zinamuchitikira ali mwana, ndipo amuna ena ambiri anatsatira. Mu 2018 Bennell anagamulidwa kukakhala kundende zaka 30. Lipoti la loya Clive Sheldon, limene linatuluka mu 2021, linapeza kuti bungwe loyendetsa mpira ku England linachedwa kwambiri kukhazikitsa njira zotetezera ana.

Pali funso limene makolo amafunsa ndi mtima wosweka, lakuti mwanayo sananene bwanji. Mayankho ake ndi ambiri ndipo onse ndi omveka. Mwana wamng'ono sakhala ndi mawu otchulira zimene zamuchitikira. Wokulirapo amaopa kuti sakhulupiriridwa, kuti amenyedwa, kuti achotsedwa m'timu kapena m'kwaya imene amaikonda, kapena kuti banja lake litaya thandizo la fizi limene munthuyo amapereka. Mnyamata amaopanso kusekedwa kuti si mwamuna. Ena amamukondadi munthuyo chifukwa ndi yekhayo amene anawaonetsa chidwi, ndipo safuna kuti amangidwe. Bungwe limene boma la Australia linakhazikitsa kuti lifufuze nkhanza zogonana kwa ana m'mipingo, m'sukulu ndi m'magulu ena, lomwe linagwira ntchito kuchokera mu 2013 mpaka 2017, linapeza kuti anthu amene analankhula nalo anatenga zaka pafupifupi 24, tikatenga avareji ya onsewo, asanauze munthu wina aliyense. Tanthauzo lake ndi lakuti gulu limene likunena kuti silinalandirepo dandaulo silinganene motsimikiza kuti ana ake ali bwino, chifukwa madandaulo a lero akhoza kudzamveka anawo atakula n'kukhala ndi mabanja awo.

Zimenezi zinaonekera bwino ku America. Madera angapo a dzikolo atasintha malamulo awo n'kulola kuti anthu akuluakulu akasume pa nkhanza zimene zinawachitikira kalekale, milandu inachuluka kwambiri. Mu 2019 kunamveka kuti katswiri amene bungwe la ma Scout linamulemba ntchito yosanthula mafayilo ake, Janet Warren wa ku yunivesite ya Virginia, anawerenga anthu 7,819 oganiziridwa kuchita nkhanza ndi ana 12,254 ochitiridwa nkhanza pakati pa 1944 ndi 2016. Mu Febuluwale 2020 bungwelo linapita ku khoti m'dera la Delaware kukalengeza kuti silingathe kulipira onse olisumira popanda kukonzanso chuma chake. Khoti litapereka nthawi yakuti aliyense wodandaula alembetse, madandaulo opitirira 82,000 anatsala atachotsa obwerezedwa, ndipo ambiri mwa olembetsawo anali amuna achikulire. Mu 2022 khoti linavomereza thumba la chipepeso la madola pafupifupi 2.46 biliyoni, lomwe ndalama zake zinachokera ku bungwelo, nthambi zake, makampani a inshulansi ndi ena mwa mabungwe amene ankayang'anira magulu. Kusiyana kwa chiwerengero cha m'mafayilo ndi chiwerengero cha odandaula kukusonyeza kuti mndandanda uja unkagwira kachigawo kochepa chabe ka zimene zinkachitika. Kuyambira mu 2025 bungweli likutchedwa Scouting America.

Sitiyenera kuganiza kuti akuluakulu onse amene anabisa nkhanizi anali anthu oipa mtima. Ambiri ankakhulupirira kuti akuteteza chinthu chabwino chimene chimathandiza ana mamiliyoni, ndipo ankaopa kuti nkhani ikatuluka makolo achotsa ana awo. Ena ankamvera chisoni munthu wolakwayo ndi banja lake, ena ankaganiza kuti akusunga ulemu wa mwanayo. Koma zotsatira za kukhala chete zinali zofanana paliponse, chifukwa munthu wochotsedwa mwakachetechete amachoka ndi mbiri yoyera, ndipo gulu lotsatira limamulandira ndi manja awiri. Kwathu kuno timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo pa mikangano yambiri ya pamudzi mawuwa ndi oona. Pa nkhani ya mwana wochitiridwa nkhanza, kuzimitsa moto mwa kukambirana kuseri, kulipiritsa mbuzi kapena kusamutsa mtsogoleri kupita ku nthambi ina n'kungosuntha motowo kuti ukayake pa denga la mnansi. Komiti ya gulu ilibe luso lofufuza mlandu wotere, ilibe mphamvu yoletsa munthu kuyandikira ana ena, ndipo imakhala ndi chifukwa chake chofunira kuti nkhaniyo ikhale yabodza.

Malamulo amene bungwe la ma Scout a ku America linakhazikitsa pambuyo pake ndi oyenera kuwaphunzira, ngakhale anabwera mochedwa ndipo sankatsatidwa paliponse. Lalikulu mwa onse, limene linayamba mu 1987, ndi lamulo la akulu awiri, lakuti pa msonkhano, pa ulendo kapena pa msasa uliwonse pakhale akulu osachepera awiri. Limayendera limodzi ndi lina loletsa munthu wamkulu kukhala yekha ndi mwana amene si wake kumene ena sakuwaona. Ngati mtsogoleri akufuna kulangiza mwana payekha, amachita zimenezo pamalo oonekera, monga pansi pa mtengo pomwe ena akuwaona ngakhale sakumva zokambidwazo. Akulu sagona m'tenti imodzi ndi ana, sasamba nawo pamodzi, ndipo ana ogona tenti imodzi amayenera kukhala a misinkhu yoyandikana, chifukwa nkhanza zina zimachitika pakati pa ana okhaokha, wamkulu kuchitira wamng'ono. Masiku ano lamuloli limafikanso pa foni ndi pa intaneti, kotero kuti mtsogoleri salembera mwana uthenga wa awiri okha pa WhatsApp kapena pa Facebook popanda kholo kapena wamkulu wina kuuona. Pambuyo pa mlandu wa ku Portland, bungwelo linalamula kuti wodzipereka aliyense aphunzire za kuteteza ana ndi kubwereza maphunzirowo, ndiponso kuti aliyense woganizira kuti mwana wachitiridwa nkhanza akanene kwa apolisi kapena kwa boma mwachindunji.

Ubwino waukulu wa malamulo amenewa, umene ambiri sauzindikira msanga, ndi wakuti amachotsa kufunika kotsimikiza kuti munthu ndi woipa musanachitepo kanthu. Pagulu lopanda malamulo, mayi amene waona mphunzitsi akutsekera chitseko ali ndi mtsikana m'kati amayenera kusankha pakati pa kukhala chete ndi kuneneza munthu wolemekezeka mlandu waukulu umene alibe nawo umboni, ndipo ambiri amasankha kukhala chete. Pagulu lokhala ndi malamulo, mayi yemweyo sanena za kugwirira. Amangonena kuti lamulo la chitseko laphwanyidwa, ndipo zimenezo aliyense akhoza kuziona. Mtsogoleri wosalakwa amene anangoiwala amapepesa n'kusintha, koma amene amaphwanya lamulolo mobwerezabwereza, amene nthawi zonse amakhala ndi chifukwa chotsalira ndi mwana mmodzi yemweyo, amadziulula yekha nkhanza isanachitike, ndipo gulu likhoza kumuchotsa chifukwa cha kusamvera malamulo kokhako. Pachifukwa ichi lamulolo liyenera kugwira aliyense mofanana, kuphatikizapo woyambitsa gulu, abusa, shehe ndi amene amapereka ndalama zambiri, popeza lamulo lokhala ndi anthu ena osaligonjera limangosonyeza wochita nkhanza udindo umene ayenera kuufunafuna.

Alipo amene amadandaula kuti malamulo otere amanyoza anthu odzipereka ndi mtima wonse, ndipo amaziziritsa ubale wa mlangizi ndi mwana. Dandauloli ndi lomveka, chifukwa ana ambiri, makamaka amasiye, anapulumuka m'moyo chifukwa cha mphunzitsi kapena mlangizi amene anawasamala ngati ake, ndipo mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe uli ndi nzeru zimene sitiyenera kuzitaya. Koma malamulowa saletsa chikondi chotero. Amaletsa chinsinsi basi. Mlangizi akhoza kulipirira mwana fizi kudzera ku komiti makolo akudziwa, akhoza kumuyendera kunyumba makolo alipo, akhoza kumulimbikitsa pamaso pa anzake. Ndipo mlangizi wabwino amatetezedwanso, chifukwa munthu amene sanakhalepo yekha ndi mwana n'kovuta kumunamizira.

Kufufuza mbiri ya munthu asanalowe m'gulu n'kofunika, koma mphamvu yake ndi yochepa kuposa momwe anthu amaganizira. Ku England ndi Wales kuli ofesi ya boma yotchedwa Disclosure and Barring Service, imene inayamba mu 2012, yomwe imafufuza ngati munthu ali ndi milandu ndiponso imasunga mayina a oletsedwa kugwira ntchito ndi ana. Kalata yotere, ngakhale kalata ya ku polisi yosonyeza kuti munthu alibe mlandu, imangogwira amene anagwidwapo kale, pomwe ambiri ochita nkhanza sanafikepo ku khoti. N'chifukwa chake gulu liyenera kufunsanso kumene munthuyo akuchokera, osangowerenga kalata imene wabwera nayo m'manja koma kuimbira foni mtsogoleri wa kumeneko n'kumufunsa mosabisa ngati angamulolenso munthuyo kugwira ntchito ndi ana. Kuzengereza kwa woyankha pa funso limenelo kumanena zambiri.

Nkhaniyi ikutikhudza mwachindunji chifukwa ku Malawi ana ambiri amathera maola ochuluka m'manja mwa anthu odzipereka: m'makwaya, m'Sande sukulu, m'madrasa, m'matimu a mpira wa miyendo ndi wa manja, m'magulu a ma Scout ndi ma Girl Guide, m'makalabu a pasukulu ndi m'misasa ya achinyamata ya pa tchuthi. Kafukufuku wa dziko lonse amene boma linachita mu 2013 pa za nkhanza kwa ana ndi achinyamata anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu alionse, ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri alionse, anachitiridwapo nkhanza zogonana asanakwanitse zaka 18. Chiwerengero cha anyamatacho n'choyenera kuchiganizira mofatsa, chifukwa makolo ambiri amalondera mtsikana koma mnyamata amamulola kukagona kwa kochi popanda funso. Malamulo alipo. Lamulo losamalira, kuteteza ndi kuweruza ana la 2010 limapereka udindo kwa achibale, osamalira ana ndi anthu a m'mudzi wokanena akaganizira kuti mwana akuchitiridwa nkhanza, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 aziwerengedwa kuti ndi mwana. Choncho mtsikana wa m'kwaya wa zaka 16 ndi mwana pamaso pa malamulo, ngakhale thupi lake litakula, ndipo mtsogoleri wa kwaya sangadziteteze ponena kuti anagwirizana.

Gulu la kumudzi kapena la m'tauni lopanda ndalama likhoza kunena kuti zonsezi n'za mabungwe olemera. Zoona zake n'zakuti mbali zamphamvu kwambiri za dongosololi sizifuna ndalama. Timu yokhala ndi kochi mmodzi ikhoza kugawa makolo kuti tsiku lililonse la masewero pakhale kholo limodzi pabwalo. Kwaya yopita ku msonkhano wogonera ikhoza kukonza kuti atsikana agone m'kalasi limodzi ndi amayi awiri, anyamata m'kalasi lina ndi abambo awiri, kuti njira ya kuchimbudzi ikhale ndi nyali ndipo ana azipita awiriawiri, ndiponso kuti pasapezeke mwana woitanidwa usiku kukatumikira kumene kwagona atsogoleri. Mapemphero kapena uphungu wa mwana payekha ukhoza kuchitikira pakhonde m'malo mwa m'chipinda. Gulu likhoza kusankha anthu awiri, mayi ndi bambo, amene si achibale a mtsogoleri wamkulu, kuti ana ndi makolo azidziwa kuti madandaulo amapita kwa iwo. Chovuta chenicheni si ndalama koma ulemu umene timapereka kwa akulu, womwe umachititsa kuti mayi wamba aope kufunsa abusa chifukwa chake atseka chitseko, ndiponso womwe timaphunzitsa nawo ana kuti wamkulu sakanizidwa. Mwana amene waphunzitsidwa kugwada ndi kumvera ayenera kuphunzitsidwanso, ndi akulu omwewo, kuti pali zinthu zimene angakanire wamkulu aliyense, kuti ziwalo zake zobisika zili ndi mayina amene angatchule popanda kukalipiridwa, ndiponso kuti wamkulu womuuza kusunga chinsinsi kwa makolo ake walakwa kale. Komabe katunduyu asasenzetsedwe mwana, chifukwa mwana wa zaka 10 sangapambane nzeru za munthu wamkulu amene wakhala akukonzekera kwa miyezi.

Mwana akayamba kuulula, mphindi zoyambirira n'zofunika kwambiri, ndipo akulu ambiri a zolinga zabwino amalakwitsa pomwepa. Ana kawirikawiri sanena zonse nthawi imodzi. Amayamba ndi kachidutswa, monga kunena kuti sakufunanso kupita ku kwaya kapena kuti amalume aja amachita zinthu zosakhala bwino, n'kuyang'ana nkhope ya womverayo kuti aone ngati n'kotheka kupitiriza. Womverayo akakuwa, akalira mokweza kapena akafunsa kuti unkakatani kumeneko, mwanayo amatseka pakamwa, mwina kwa zaka zambiri. Chofunika ndi kudekha, kumvetsera, kumuuza kuti wachita bwino kunena ndipo si iye wolakwa, ndi kupewa mafunso omuika mawu m'kamwa, popeza mafunso otero amadzafooketsa umboni wake ku khoti. Womverayo asalonjeze kusunga chinsinsi, koma amuuze mwanayo moona kuti auza anthu okhawo amene angamuthandize. Akatero alembe mawu a mwanayo monga momwe anawanenera, pamodzi ndi tsiku ndi nthawi. Mwanayo asaimikidwe pamaso pa komiti kapena pamaso pa woganiziridwayo kuti abwereze nkhani yake, ndipo woganiziridwayo asauzidwe msanga apolisi asanadziwe, kuopa kuti angafufute mauthenga a pa foni kapena kuopseza banja. Gulu limuimitse kaye kukumana ndi ana pamene kufufuza kuli m'kati, ndipo kuimitsa kotero si chigamulo chakuti ndi wolakwa.

Ku Malawi nkhani yotere ikhoza kukanenedwa ku nthambi ya apolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, yotchedwa Victim Support Unit, kapena ku ofesi yosamalira anthu ya m'boma, kapena poimba nambala yaulere ya 116, yomwe ndi ya Tithandizane yothandiza ana. M'zipatala zina zikuluzikulu, monga cha Queen Elizabeth ku Blantyre, muli malo amene mwana amapeza thandizo la chipatala, la apolisi ndi la uphungu pamalo amodzi. Ngati mwana wagwiriridwa, kupita ku chipatala kusadikire msonkhano wa komiti kapena kubwera kwa amalume ochokera kumudzi, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 chichitikireni nkhanzayo, ndipo akayambidwa msanga amagwira bwino ntchito. Ngati n'kotheka mwanayo asasambe ndipo zovala zimene anavala zisachapidwe asanaonedwe ndi achipatala. Gululo, likatha kupereka nkhani kwa apolisi, limatsala ndi ntchito ziwiri zimene mafayilo a ku America akusonyeza kuti zinkasiyidwa kawirikawiri: kufunsa mosamala ngati pali ana ena amene munthuyo ankakhala nawo pafupi, ndi kuonetsetsa kuti mwana amene waululayo akupitiriza kulandiridwa m'gululo popanda kulozedwa chala ndi anzake kapena makolo a anzake.